Ulendo Ukalephereka, Ndalama Nza Yani?

Nkhani yathu ya lero iyambira ku Chainda, komboni ija iri kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka, kufupi ndi Avondale ndi Chelstone. Ngakhale iyambira kumeneko, ndikhulupirira kuti anzathu a ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George adzaimva ngati yao, pakuti cimene cinagwera amai a ku Chainda cikhoza kugwera munthu ali yense amene alipira ndalama lero kuti adzalandire cinthu mawa.

Tsiku lina ndinapita pa sukulu ina ku Chainda kukaona mmene ana alandirira maphunziro a pa wailesi. Nchito itatha, mphunzitsi wina anandipempha kuti ndionane ndi amai ena acikulire amene anali kundidikira panja. Amaiwa anali msungicuma wa gulu la azimai 40 ogulitsa pamsika: ena tomato ndi ndiwo za masamba, ena kapenta, ena makala, ena salaula. Azimaiwa anali kucita cilimba kwa zaka zambiri osakangana. Caka cimeneco anapangana kuti m'malo mogawana ndalama zonse, asungeko zina kuti akaone ndi maso ao mathithi a Mosi-oa-Tunya ku Livingstone, amene anali kungowamva kwa ana ao obwera ku sukulu.

Anapeza kampani ina m'tauni yokonza maulendo. Kampaniyo inati munthu mmodzi alipire K1,500, ndipo pa mtengo umenewo padzakhala basi yopita ndi kubwera, malo ogona masiku awiri, cakudya, ndi malipiro olowera kumathithi. Azimai 40 anasonkha K60,000, ndalama za miyezi isanu ndi itatu ya kulawirira ku Soweto Market kukapikula katundu tambala asanalire. Msungicuma anakapereka zonse nalandira lisiti. Kutatsala masiku atatu kuti anyamuke, ena atagula kale citenje ca mtundu umodzi ca paulendo, uthenga unafika pa foni wakuti ulendo walephereka cifukwa basi sinapezeke, ndipo adzauzidwa tsiku lina. Mwezi unatha, wina unathanso. Amai aja atapita ku ofesi kukafunsa, kalaliki anangowalozera cipepala ca pakhoma conena kuti ndalama zikalipiridwa sizibwezedwa.

Amaiwo anandiuza kuti, "Mwana wanga, K1,500 yanga ndingaiiwale. Koma ndikafika pamsika nkhani zimaduka. Anzanga aganiza kuti ndinagawana ndalama ndi eni kampani. Ndiuzeni, kodi cipepala cija cinena zoona?"

Funso la amai aja ndilo tiyankhe lero. Yankho lake lalifupi ndi ili: cipepala cija cinama. Wokonza ulendo akaulephereketsa iye mwini, ndalama zikhalabe za amene anazipereka, ndipo ziyenera kubwerera kwa eni ake. Koma kuti yankho limeneli likuthandizeni, muyenera kudziwa pamene liimira, pamene licepa mphamvu, ndi zimene muyenera kucita inu eni.

Tiyambe ndi kumvetsa mtundu wa ulendo umene tiri kunenawu. Mukakwera basi ku Intercity kupita ku Chipata, mwagula cinthu cimodzi cokha, ndico mpando wa m'basi. Koma wina akakumangirani basi, kogona, cakudya ndi malo okaona m'phukusi limodzi, nakuchulirani mtengo umodzi, mwagula ulendo wathunthu kwa munthu mmodzi. Masiku ano maulendo otere ndi ambiri pakati pathu. Masukulu atengera ana ku Livingstone kapena ku Siavonga pa nyanja ya Kariba. Magulu a mipingo apita kumisonkhano yakutali. Ena akonza mabasi opita ku Nc'wala ya Angoni ku Mtenguleni m'mwezi wa Febuluwale, kapena ku Kulamba kwa Acewa ku Mkaika, m'boma la Katete, m'mwezi wa Ogasiti.

Malonda amenewa si acilendo pa dziko lapansi. Amene achulidwa kawirikawiri kuti anawayamba ndi Mngelezi wina dzina lake Thomas Cook. Pa 5 Julayi 1841 munthuyu anakonza sitima yonyamula anthu pafupifupi 500 kucokera ku Leicester kupita ku Loughborough, kumsonkhano wa anthu oletsa kumwa mowa, ndipo ali yense analipira sheleni imodzi. Ubwino wake unaoneka msanga: wapaulendo sabvutika kufunafuna galimoto ndi pogona, ndiponso anthu akacuruka mtengo utsika. Koma cofooka cake cinabadwira limodzi ndi ubwinowo. Pamsika munthu aona tomato, namgwira, nalipira. Pa ulendo wa phukusi munthu alipira poyamba, katundu asanamuone. Cimene agwira m'manja ndi lonjezo cabe. Masiku onse a pakati pa kulipira ndi kunyamuka, ndalama zanu ziri m'thumba la mwini wina.

Tsono lonjezo limenelo liri ndi mphamvu yanji? Makolo athu anali kudziwa yankho kale malamulo olembedwa asanafike. Munthu akapereka mbuzi kwa mmisiri kuti amsemere bwato, mmisiri nalephera kusema, pabwalo la mfumu panalibe nkhani yaitali: mbuzi ibwerere kwa mwini wake. Mmisiri sakanatha kunena kuti, "Mbuzi ikalowa m'khola langa siturukanso." Malamulo a makhoti athu anena cimodzimodzi. Anthu awiri akapangana, wina napereka ndalama, winayo osapereka kanthu konse pa zimene analonjeza, wopereka ndalama ali ndi ufulu wozilandiranso.

Pamwamba pa mfundo yakaleyi, Nyumba ya Malamulo ya dziko lathu inapanga lamulo loteteza ogula mu 2010, lochedwa Competition and Consumer Protection Act, nambala 24 ya caka cimeneco. Linalowa m'malo mwa lamulo la 1994, ndipo bungwe loliyang'anira ndi Competition and Consumer Protection Commission, limene ambiri alidziwa ndi zilembo zakuti CCPC. M'lamulo limeneli muli magawo anai amene munthu ali yense wolipiriratu ulendo ayenera kuwadziwa.

Gawo 47 liletsa wamalonda kunena zonama kapena zosokeretsa za katundu wake kapena nchito yake. Akakuonetsani cithunzi ca hotela yokongola, pamene adziwa kuti adzakugonekani m'cipinda ca kuseri kwa bala, walakwira gawo limeneli. Pajatu akulu anati cikomekome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Gawo 48 ndilo liyankha amai a ku Chainda mwacindunji. Liletsa mwini malonda kupacika cikwangwani kapena cidziwitso cofuna kucotsera wogula ufulu umene lamulo lampatsa. Conco cipepala conena kuti ndalama sizibwezedwa sicicotsa ufulu wanu ngakhale pang'ono. Kunena zoona, wolakwa ndi amene anacipacika, ndipo akhoza kulipitsidwa cifukwa ca cipepalaco cokha, ngakhale pasanakhale wodandaula za ndalama.

Gawo 49 linena kuti wogwirira anthu nchito ayenera kuigwira mosamala ndi mwaluso, ndiponso pa nthawi yoyenera, kapena pafupi ndi nthawi imene anapangana. Akalephera, abweze mtengo umene analandira, kapena agwirenso nchitoyo bwino, ngati nkotheka ndiponso ngati wogula wasankha tero. Gwiritsani mau otsirizawa: ngati wogula wasankha. Kampani ikhoza kukupemphani kuti mudikire tsiku lina, kapena kuti mupite ku Siavonga m'malo mwa ku Livingstone, kapena kuti mulandire kapepala kodzayendera m'tsogolo. Kupempha sikulakwa, ndipo nthawi zina kubvomera kungakukomereni. Koma kusankha nkwanu. Mukakana, cotsala ndi kubweza ndalama. Lamulo la 2010 linaikanso cilango cakuti kampani yolakwira gawo limeneli ikhoza kulipitsidwa kufikira gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonse zimene ilandira pa malonda ake m'caka.

Gawo 53 likamba za mau a m'pangano okondera mbali imodzi. Mapangano ambiri a maulendo alembedwa kale ndi kampani, m'Cingelezi cobvuta ndi m'zilembo zazing'ono, ndipo wogula angouzidwa posaina. Ngati m'mau amenewo muli ena opatsa kampani mphamvu zonse ndi kusiya wogula wopanda pogwira, lamulo liti mau oterowo samanga wogula.

Mwina wina afunsa kuti, "Kodi ndiye kuti nthawi zonse ulendo ukalephereka ndidzalandira ndalama zanga zonse?" Iai. Tiyenera kusiyanitsa njira zinai zimene ulendo ulepherekera, pakuti iri yonse iri ndi mathero ake.

Njira yoyamba ndi ya ku Chainda ija: kampani yalephera pa zifukwa zake. Basi sinapezeke, anthu sanakwane, mwini anaiwala kusungitsa malo ogona, kapena anagwiritsa ndalama pa zina. Zonsezi ndi mabvuto a mwini malonda, ndipo sayenera kuwasenzetsa inu. Iye akanapindula, phindu likanakhala lake. Akataya, kutayako nkwake. Apa ndalama zibwerera zonse.

Njira yaciwiri ndi pamene inu eni mwasintha maganizo, kapena mwagweredwa maliro, kapena mwacedwa basi nikusiyani. Apa kampani siinalakwe, ndipo mwina inalipira kale mpando wanu ndi bedi lanu. Cimene mudzalandira cidalira pa zimene munapangana, malinga ngati panganolo liri lacilungamo. Kawirikawiri wodziwitsa msanga alandira zambiri, wodziwitsa mocedwa alandira zocepa. Nchifukwa cake nkofunika kufunsa za cimeneci musanalipire.

Njira yacitatu ndi pamene cinthu coposa mphamvu za onse awiri catsekereza ulendo: cigumula cakokolola mlatho, mliri wagwa, kapena Boma laletsa kuyenda. Ambiri a inu mukumbukira caka ca 2020. Pa 18 Marichi Boma linalengeza kuti matenda a Covid-19 afika m'dziko muno, ndipo pa 20 Marichi masukulu onse anatsekedwa. Pasanapite masiku ambiri ndeke zocokera kunja zinaletsedwa kutera ku Livingstone, ku Ndola ndi ku Mfuwe, nizitsala kutera ku Lusaka kokha. Maulendo ambiri olipiridwa kale anafera pomwepo, popanda wolakwa.

Funso la mtundu umenewu linabvutitsa oweruza kalekale. Mu 1902 mfumu ya ku Britain, Edward VII, inayenera kubvekedwa cisoti pa 26 Juni. Anthu analipira ndalama zambiri kubwereka zipinda za m'mbali mwa miseu ya London kuti adzaonerere mfumu ikudutsa. Mwadzidzidzi mfumu inadwala, mwambo nuimitsidwa kufikira mwezi wa Ogasiti. Milandu itafika kukhoti, oweruza a nthawi imeneyo anagamula kuti amene analipira kale wataya basi. Anthu anaona kuti ciweruzo cotere ncopanda cilungamo, koma panapita zaka 40 cisanakonzedwe: khoti lalikulu la dzikolo linacisintha mu 1942, ndipo Nyumba ya Malamulo yao inapanga lamulo latsopano mu 1943. Dziko lathu liri ndi lamulo lotsata mfundo yomweyo, lochedwa Law Reform (Frustrated Contracts) Act. Mwacidule liti: pangano likafa popanda wolakwa, ndalama zolipiridwa zibwezedwe, koma khoti likhoza kulola wolandira ndalamayo kusungako zina zolingana ndi zimene anaononga kale pokonzekera. Conco ngakhale pa mliri, kampani siingangonena kuti, "Si ife, ndi matenda," nikhala nazo zonse. Ngati ifuna kudulako kanthu, ionetse malisiti a zimene inalipira ndi kulephera kuzilandiranso.

Njira yacinai ndiyo yowawa koposa, ndipo ndifuna kuti muimve bwino. Ndi pamene kampani yeniyeniyo yagwa. Ufulu wanu ulipobe, koma nkhokwe iri yopanda kanthu. Kampani ikagwa, katundu wake agulitsidwa, ndipo ndalama zigawidwa motsata mndandanda. Patsogolo pakhala mabanki amene anagwira cikole, ndi olongosola za kugwako, ndi anchito amene sanalandire malipiro, ndi misonkho ya Boma. Munthu wamba amene analipiriratu tikiti aima kumbuyo kwenikweni, ndipo kawirikawiri pofika pa iye mphika watha.

Tisaganize kuti zimenezi zigwera tizikampani tating'ono tokha. Zambia Airways, kampani ya ndeke ya dziko lathu, inatsekedwa mu Disembala 1994. Kampani ina yochedwa Zambian Airways inaimitsa ndeke zake mwadzidzidzi mu Januwale 2009, anthu ena ali ndi matikiti m'manja. Ndipo kampani ija ya Thomas Cook, itakhala zaka 178, inagwa pa 23 Seputembala 2019, pamene anthu a ku Britain pafupifupi 150,000 anali kunja kwa dziko lao pa maulendo ake. Ukulu wa dzina si cikole.

Komabe ambiri a anthu a Thomas Cook anabwerera kwao osalipiranso, ndipo amene anali asananyamuke pa maulendo a phukusi analandira ndalama zao. Cinawapulumutsa nciani? Dziko la Britain linaphunzira pa tsoka lakale. Mu 1973 linayamba kupereka cilolezo capadera, cochedwa ATOL, kwa okonza maulendo a pa ndeke. Mu Ogasiti 1974 kampani yaikulu yochedwa Court Line inagwa, nisiya anthu zikwi zambiri m'maiko acilendo, ndipo ndalama za cikole sizinakwane. Pamenepo Boma lao linakhazikitsa thumba lapadera lothandiza apaulendo kampani ikagwa. Maiko a mu European Union naonso anapanga lamulo la maulendo a phukusi mu 1990, nalikonzanso mu 2015. Lamulo limenelo liti wokonza ulendo akaulephereketsa abweze ndalama pasanathe masiku 14, ndiponso akhale ndi citetezo ca ndalama za anthu ngati iye atagwa. Phunziro lake kwa ife ndi lakuti ufulu wolandiranso ndalama ukhala ndi mano pokhapokha ngati ndalamazo zisungidwa pamalo pamene zingapezeke. Munthu wanzeru aganizira za kubwezedwa kwa ndalama zake asanazipereke.

Tsono tiyeni tione zimene inu, msungicuma wa gulu, mphunzitsi wamkulu, mlembi wa mpingo, kapena kholo, muyenera kucita musanalipire.

Coyamba, dziwani amene mupangana naye. Kampani yoona ikhala yolembetsedwa ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndipo ocita malonda a zokopa alendo afunika cilolezo motsata lamulo la Tourism and Hospitality Act la 2015, limene linakhazikitsa Zambia Tourism Agency. Pemphani kuona mapepala amenewa. Pitani mukaone ofesi ndi maso anu. Munthu amene mumdziwira pa Facebook kapena pa WhatsApp pokha, wopanda khomo limene mungagogode, akazima foni mudzamfuna kuti? Safunsa anadya phula.

Caciwiri, pangano likhale lolembedwa. Lionetse tsiku lonyamuka ndi lobwerera, mtundu wa galimoto, dzina la malo ogona, cakudya kangati pa tsiku, mtengo wonse, ndi cimene cidzacitika ngati wina wa inu awiri alephera. Ngati Cingelezi cake cabvuta, mwana wa sekondale akuwerengereni, kapena mphunzitsi. Palibe manyazi pa kufunsa tanthauzo la mau amene adzamanga ndalama zanu.

Cacitatu, musapereke zonse nthawi imodzi ngati ulendo ukali kutali. Pemphani kulipira gawo lina poyamba, ndi lotsala masiku onyamuka atayandikira. Musanapereke lotsalalo, imbirani eni malo ogona mufunse ngati dzina la gulu lanu lalembedwadi kumeneko. Lamya imodzi yotere ikhoza kupulumutsa thukuta la caka conse.

Cacinai, lipirani m'njira yosiya mapazi. Lisiti likhale ndi dzina la kampani, cidindo, tsiku ndi ciwerengero ca ndalama. Mukalipira kupyolera m'banki kapena pa foni, ndalama zipite ku dzina la kampani, osati ku nambala ya mnyamata wa pa ofesi, ndipo uthenga wotsimikiza musaufafanize. Ngati ndalama nza gulu, msungicuma asapite yekha. Apite ndi mboni ziwiri, ndipo lisiti liwerengedwe pamaso pa onse pa msonkhano wotsatira. Kucita tero si kukayikira msungicuma, ndi kumteteza.

Nanga ulendo ukalephereka, muyambire pati? Musayambe ndi kutukwana kapena kugwira kalaliki pakhosi, pakuti mukatero mlandu utembenukira inu. Yambani ndi kalata. Lembani mwacidule tsiku limene munalipira, ndalama zingati, cimene munalonjezedwa, ndi tsiku limene anakuuzani kuti ulendo walephereka. Nenani poyera kuti simufuna tsiku lina koma ndalama zanu, ndipo ikani malire a masiku, monga 14. Lembani makalata awiri ofanana. Imodzi muisiye, inayo aisaine kuti alandira, muisunge. Lisiti lenileni musalisiye m'manja mwa munthu. Perekani kope lake.

Masikuwo akatha popanda yankho, pitani ku CCPC. Likulu lake liri mu Lusaka muno, ndipo kupereka dandaulo kumeneko sikulipiritsa. Tengani lisiti, pangano, mauthenga a pa foni, ndi kalata yanu ija. Ngati cipepala cokana kubweza ndalama cikali pakhoma, cijambuleni ndi foni. Bungweli liri ndi mphamvu yofufuza, yolamula kuti ndalama zibwezedwe, ndi yolipitsa kampani. Amene sakhutira ndi cigamulo cake akhoza kucita apilo ku bwalo lapadera lochedwa Competition and Consumer Protection Tribunal.

Njira ina ndi bwalo la milandu ya ndalama zocepa, Small Claims Court. Kumeneko munthu adzilankhulira yekha, maloya saimirira anthu, ndipo milandu siikhalitsa monga m'makhoti ena. Bwalo limeneli liri ndi malire a ndalama zimene lingaweruze, conco funsani kalaliki wa khoti ngati mlandu wanu ulowa. Koma mukapeza kuti ofesi yatsekedwa, cikwangwani cacotsedwa, eni malo ogona sanamvepo za gulu lanu, ndipo munthu uja wasowa, imeneyo si nkhani ya pangano lolephereka ai. Ndi kutenga ndalama mwacinyengo, ndipo ndi mlandu wa kupolisi. Kanenani tsiku lomwelo.

Pa zonsezi musacedwe. Akulu anati mlandu suola, koma kampani imene iri kudwala ikhoza kufa inu mukali kudikira mwaulemu. Amene afika ikali ndi kanthu m'thumba ndiye alandira.

Tibwerere kwa amai athu a ku Chainda. Mwai wao unali wakuti lisiti analisunga bwino m'kacitini pamodzi ndi makhadi a kucipatala a adzukulu ao, ndipo uthenga wa pa foni sanaufafanize. Ndinawalangiza kuti asanapite kwina kuli konse, ayambe aitana gulu lonse. Pamsonkhanopo mwana wa mmodzi wa iwo, mtsikana wa Giredi 9, anawerenga lisiti mokweza, nalitembenuza m'Cinyanja: K60,000, yolandiridwa yonse, cidindo ca kampani ciri pomwepo. Manong'onong'o anathera pamenepo. Kenaka analemba kalata, azimai onse 40 nasaina, ena ndi cala. Anapita nayo asanu, atabvala citenje cija ca paulendo. M'kalatamo anachula gawo 48 ndi gawo 49, nanena kuti masiku 14 akatha adzapita ku CCPC.

Mwini kampani, amene miyezi iwiri yonse anali "atacokapo pang'ono," anapezeka tsiku lomwelo. Poyamba anati abweza theka. Azimai anakana. Potsiriza analemba pangano lakuti abweza zonse m'magawo atatu, ndipo anaterodi, ngakhale gawo lotsiriza linafika patapita miyezi inai. Sindinganene kuti zonse zinatha bwino. Azimai awiri anacoka m'gulu, ndipo masiku amene asanu aja anataya poyendera ndalama, mabenchi ao pamsika anali opanda wogulitsa. Palibe amene anawabwezera zimenezo. Koma ndalama zinabwera, ndipo pa cisankho cotsatira amai aja anasankhidwanso kukhala msungicuma.

Taonani kuti lamulo linalipo kale tsiku lija amaiwa anaima kutsogolo kwa cipepala ca pakhoma. Cimene cinasowa ndi munthu wolidziwa. Wamalonda wosakhulupirika adalira zinthu ziwiri: kuti simudziwa ufulu wanu, ndi kuti mudzacita manyazi kuufunsa. Ambiri a ife tinaleredwa kuti tisabvute anthu a m'maofesi, ndipo ulemu ndi cinthu cabwino. Koma kupempha cako mwaulemu si cipongwe. Tikumbukirenso kuti okonza maulendo ambiri ndi anthu oona mtima, ofuna kuti mubwerenso caka camawa. Wotere sakwiya mukampempha pangano lolembedwa. Amene akwiya wakuuzani kale za mtima wake.

Kwa inu aphunzitsi, nayi nchito yoti mucite ndi ana phunziro lino likatha. Agaweni m'magulu awiri. Gulu lina lilembe pangano la ulendo wa kalasi wopita ku Siavonga, loonetsa zonse zimene tachula. Gulu lina lilembe kalata yopempha kubwezeredwa ndalama ulendowo utalephereka. Kenaka awerengere pamodzi: ngati ana 45 alipira K800 ali yense, ndipo sukulu yapereka theka poyamba, ndi ndalama zingati ziri m'manja mwa kampani, ndipo ndi zingati zikali zotetezeka? Ngati mufuna tsiku loonetsera makolo nchito imeneyi, sankhani 15 Marichi, tsiku limene maiko akumbukira ufulu wa ogula, cifukwa pa tsiku limenelo mu 1962 mtsogoleri wa dziko la America, John F. Kennedy, anafotokozera Nyumba ya Malamulo ya dziko lake za ufulu umenewu.

Ndipo inu ana, mukafika kunyumba madzulo ano, funsani amai kapena agogo kumene asunga malisiti ao. Ngati alibe posungira, apezereni kacitini. Muwauze kuti wokonza ulendo akalephera, ndalama zibwerera kwa mwini wake, ndipo palibe cipepala ca pakhoma cingasinthe zimenezo. Koma kuti zibwere, pafunika lisiti, mboni ndi kalata. Akulu anati phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.